Amisiri omwe anamanga chimulu cha dothi kwa aneba athu owombera mfuti: ntchito njabwino koma dzenje analisiya

Abale anga a kuno ku Angónia ndi Tsangano, ndati ndilembeko za kagulu kena ka amisiri a kufupi ndi Ulónguè, aja amakumba zitsime, maiwe a nsomba ndi maenje a zimbudzi, chifukwa atigwirira ntchito yachilendo ndithu ndipo mwina wina ali pa vuto ngati lomwe tinali nalo ife. Pa nyenyezi 5 ine ndikuwapatsa 4, imodziyo ndaichotsa dala ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Dzina sindilemba pano poti kaguluka kamadziwika ndi dzina la kapitawo wawo ndipo sindinawapemphe chilolezo.

Nkhani yake ili chonchi. Aneba athu ndi bambo aakulu, alimi a mbatatesi, munthu wabwinobwino yemwe pamaliro safuna kuitanidwa kawiri, koma ali ndi mfuti ija amati 22 komanso ina ya mpweya yomwe anyamata awo amaseweretsa. Ankati Loweruka likakwana kumadzulo amaika zitini pa chitsa kuseri kwa nyumba nkumawombera, akuti kuzoloweza dzanja chifukwa cha akuba ndi anyani a kumunda. Kuseri kwa chitsacho kunali kachipupa ka njerwa kofika mchiuno ndi lata lakale, basi, ndipo ukadutsa latalo ndi njira yopita kumjigo komwe ana amadutsa ndi zigubu, kenako khola lathu la mbuzi ndi khitchini. Tinadzapeza kaboowo pa lata la khitchini, kozungulira bwinobwino kolowera mbali ya kwawo. Amayi anga nawo anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo mpaka itatha mu 1992, ndiye iwo akangomva phuu amasiya chilichonse nkukakhala kuchipinda thupi likunjenjemera, nsima osadya tsiku limenelo. Zimenezi ndi zomwe zinkandiwawa kuposa latalo.

Ndinapita kukalankhula nawo mwaulemu, anandiyankha kuti mwana wanga mfutiyi ili ndi lisensa ndipo ine sindiphonya. Ndiye tinapita kwa anyakwawa ndi a sekeretaliyo, anaitanitsa bwalo ndipo kunabweranso wapolisi wa ku posto. Anaona mapepala, analidi bwino monga limafunira lamulo la mfuti ndi zipolopolo la 2007 lija, koma anawauza mosapsatira kuti pepala silikuwalola kulozetsa mfuti komwe kumadutsa anthu. Chigamulo chinali choti asawomberenso mpaka malowo asinthidwe ndipo anyakwawa ndi apolisi adzaone okha, ndalama zonse zituluke mthumba mwawo, ine ndikhale mboni ya ntchitoyo. Apa ndinene chinthu chimodzi chisanandichoke, ngati mfuti ya aneba anu ilibe mapepala, kaya ndi gogodela kaya ndi zija zinatsala mnthawi ya nkhondo, imeneyo si nkhani ya amisiri ayi, pitani ku polisi basi. Dziko lino linavutika kutolera mfuti, a mipingo kudzera ku Conselho Cristão de Moçambique anayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndiye tisamachite ngati nzoseweretsa.

Tsopano za amisiriwo. Chomwe chinandigwira mtima choyamba nchoti anakana ndalama yophweka. Aneba ankafuna kungokweza chipupa chija ndi njerwa zowotcha chifike pamwamba, apake simenti nkhani ithe, ndipo ikanakhala ntchito yamsanga yolipira bwino. Kapitawo anati ayi bambo, chimenecho ife sitimanga, njerwa ndi simenti zikamenyedwa malo amodzimodzi zimagumuka pangonopangono mpaka kubooka, komanso chipolopolo chikagunda chinthu cholimba mopendekeka chimanjanja nkulowera komwe simunaganize, mwina kubwerera kwa inu nomwe. Anati miyala, zitsulo ngakhale pamwamba pa madzi zimachita chimodzimodzi, ndipo lata ndiye musalitchule nkomwe poti limangobisa munthu amene ali kuseri kuti musamuone koma chipolopolo chimadutsa. Chomwe chimagwira chipolopolo ndi dothi lofewa lochuluka lopanda miyala, chimalowa nkuthera momwemo. Aneba anakwiya pangono poti ankaona ngati mnyamata akuwaphunzitsa za mfuti yawo yomwe, koma iye sanakweze mawu, anangowapempha atenge kabokosi ka zipolopolo zawo awerenge chenjezo lolembedwa pamenepo. Chipolopolo cha 22 chikaphonya mfuti italoza mmwamba pangono chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, tangoganizani, kuchokera kwawo mtunda umenewo mwadutsa mjigo, mwadutsa tchalitchi. Ngakhale ya mpweya ija anthu amaiderera, kachipolopolo ka 4.5 mm kamapita mamita mazana angapo ndipo diso la mwana kamaliphulitsa.

Asanakumbe kalikonse anayenda malo onse wapansi, kufunsa amayi kuti nkhuni mumakatola kuti, ana amadyetsa ngombe mbali iti, njira yachidule ya kudimba ili pati. Izi ndinazikonda kwambiri chifukwa njira zambiri za kumudzi sizioneka ukangoima pakhonde, umayenera kufunsa eni ake. Atatero anatembenuza malo onse owomberawo, mmalo moloza kumjigo tsopano akuloza ku kaphiri ka mmunda mwa aneba momwemo komwe kulibe nyumba kapena njira, ndipo woombera amaima pamtunda chandamale chili mmunsi kuti mfuti iziloza pansi nthawi zonse.

Chimulucho anachikweza pafupifupi mamita 3, pansi nchotambalala kwambiri, pamwamba pake mpokhuthala kuposa mita imodzi, ndipo mbali zonse ziwiri anapinda mapiko kuti chikumbatire chandamale, ukachiona patali chimangokhala ngati chulu chachikulu chomwe achidula pakati. Dothi la kutsogolo konse anasefa ndi sefa ya mchenga ija ya omanga nyumba kuchotsa timiyala, ntchito yotopetsa zedi ndipo ndinaona ndi maso anga kuti sanabere, wilibala iliyonse ya kutsogolo imadutsa pa sefa. Ankathira dothi pangono, kuwaza madzi, kupondaponda, kenako kuthiranso, osati kungounjika kamodzi. Kutsogolo kwenikweni anasanja masaka a feteleza odzaza mchenga kuti akangambika azingosintha. Mwana wa aneba anabweretsa matayala akale kuti aikepo, kapitawo anawabweza, akuti tayala lili ndi mawaya mkati ndipo kachipolopolo ka mfuti ya mpweya kakagunda labala kamadumpha kubwerera. Chitsa chija anachizula, zitini anati ziiwalike, chandamale chikhale katoni pa kathabwa kofewa ndipo chiikidwe pansi pafupi ndi dothi osati pamwamba. Pomaliza anabzala vetiva kumbuyo ndi mmbali kuti mvula ya kuno, mukuidziwa mmene imagwera kuyambira Disembala mpaka Malichi, isakokolole dothi. Anachenjezanso amayi a pakhomopo kuti asadzatengepo dothi la pamenepo kukathira mdimba la masamba kapena kuzira nyumba chifukwa zipolopolo ndi za mtovu ndipo mtovu ndi poizoni makamaka kwa ana. Ameneyu ndi mmisiri woganizira anthu, sindinayembekeze kumva zimenezo kwa munthu wokumba zitsime.

Khalidwe lawo pantchito linalinso labwino, palibe anabwera ataledzera, sanatukwane pamaso pa ana, ndipo amayi anga ankawapatsa moni wa agogo mwadzuka bwanji mmawa uliwonse. Malipiro analandira pa M-Pesa mzigawo, china poyamba china pomaliza.

Koma zolakwika zilipo ndipo sindibisa. Nthawi sasunga, tsiku lomwe analonjeza kuyamba sanabwere ndipo foni inali yozima, kenako pakati pa ntchito anasowanso akuti anapita kukamaliza chitsime cha munthu wina ku Dómuè, osatiuza. Mtengo nawonso unakwera ntchito ili mkati, anati sanawerengere kusefa dothi, aneba anadandaula ndipo apa ine ndinali mbali ya aneba chifukwa amene anabweretsa nzeru yosefa ndi iwo omwe amisiriwo, anayenera kuiwerengera poyamba pomwe. Anagwirizana pakatikati koma mawu anachuluka.

Chachikulu chomwe ndachotsera nyenyezi ndi dzenje. Dothi lonse lija analikumba pambali pomwepo ndipo anasiya chidzenje chakuya chofika mkhosi mwa munthu wamkulu, mmbali mwake moongoka, osatchinga ngakhale ndi minga. Mvula ikayamba mudzadzaza madzi, ana a pamudzi pano amakonda kusewera mmadzi ndipo tonse tikudziwa zomwe maenje a njerwa achita mmidzi yathu, osanenanso za udzudzu. Munthu amene anaganiza za mtovu mdimba la masamba sangalephere kuona kuti dzenje lotere ndi ngozi, ndiye ine ndikuona kuti anathamangira ntchito ina basi. Ndinawaimbira, analonjeza kubwera kudzagumula mmbali kuti mukhale motsetsereka ndi kutsegula ngalande yotulutsa madzi, mpaka pano tikudikira ndipo panopa tazunguliza minga tokha.

Anyakwawa ndi wapolisi uja anabwera kudzaona chimulucho nkuvomereza, ndipo pabwalo anawonjezera kuti aneba aziwombera Loweruka lokha dzuwa lisanapendeke, azitumiza mwana kudzatiuza asanayambe, komanso anyamata awo asagwire mfuti iwo palibe. Mpaka pano akusunga zimenezo. Phokoso lachepako poti dothi limameza ndipo mfuti yaloza kwina, koma musanamizidwe kuti limatheratu, amayi amamvabe, kungoti poti timadziwiratu nthawi ndimawaperekeza kwa achemwali anga kutsidya asanayambe. Kunena zoona ine ndikanakonda kuti kuwomberako kutheretu, pakati pa midzi si malo ake, koma pa zomwe bwalo linagamula amisiriwa anachita mbali yawo mwanzeru.

Ngati mukufuna kuwalemba ntchito ngati imeneyi ndikuti alembeni, koma yambani mwadutsa kwa amfumu ndi ku polisi kaye chifukwa chimulu pachokha sichikupatsani chilolezo, ndipo mulemberane papepala pamaso pa a sekeretaliyo mtengo wonse kuphatikiza kusefa, tsiku loyamba ndi lomaliza, komanso komwe dothi lichokere ndi amene adzakonze dzenjelo. Chigawo chomaliza cha ndalama musapereke dzenje lisanakonzedwe. Akabwera kudzakonza lathuli mvula isanagwe ndidzabweranso pano kudzawabwezera nyenyezi yawo.