Miyezi 6 ya "roboti" ya mwana wanga m'kalasi

Mu Okotobala mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anagwa pa kabaza ku Chinamwali n'kuthyoka fupa la ntchafu. Bala linavuta kupola, anachitidwa opareshoni kawiri, ndipo adokotala anati za sukulu tiyambe taiwala. Mlongo wanga amene amakhala ku Leeds ndiye anandiuza za AV1, karoboti kamene ana odwala kumeneko amakatumiza kusukulu m'malo mwawo. Anakapanga ndi a kampani ya ku Norway yotchedwa No Isolation, yomwe inayamba mu 2015. Kutalika kwake ndi masentimita 30 basi, kalibe mawilo, kamangokhala pa desiki. Mwana ali kunyumba amakatembenuza ndi foni kapena tabuleti, n'kumaona kalasi, kumva, ngakhale kuyankhula.

Mtengo wake sitikanaufikira, ndiye tinapanga yathu: foni yanga yakale, koimikira foni kogula mumsika waukulu wa Zomba, kasipika ka Bluetooth ndi pawabanki. Kuimbirana kwake pa WhatsApp. Ana m'kalasi anangoitchula kuti roboti, dzina n'kukhazikika.

Sabata yoyamba inali ya misozi. Foni ikalira mwana wanga ankatembenukira kukhoma. Ndinkaganiza kuti ndi ululu, mpaka tsiku lina anandiuza motsitsa mawu, "Amayi, sindikufuna andione chonchi." Anali ataonda, tsitsi losapesa, mwendo uli mu pulasitala. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene AV1 imaonetsa mbali imodzi yokha: mwana amaona kalasi, kalasi siimuona. Tinazimitsa kamera ya kunyumba, pa sikirini pangotsala chithunzi chake ali mu yunifolomu. Mmawa wake anayankha "Present, Madamu" potchula maina, ana onse n'kuomba m'manja. Amene mukufuna kuyesa njirayi, yambirani pamenepa. Musamukakamize mwana kuoneka.

Makolo ena anadandaula, ndipo anali ndi mfundo. Ankafunsa kuti ana awo akujambulidwa kupita kuti. AV1 siisunga kanema, anaipanga dala choncho, pomwe foni wamba ilibe chotchinga chilichonse. Ahedi anaitanitsa komiti ya sukulu, ndinalonjeza pamaso pa onse kuti sitijambula kanthu komanso kuti kunyumba woonera ndi mwana yekha. Lonjezolo ndinalisunga, ngakhale masiku ena mtima unkafuna kusuzumira.

Kunena za kuphunzira kwenikweni, roboti yathu ndiipatsa theka. Zolemba pa bolodi sizinkaoneka, choko pa bolodi lotuwa chimangokhala ngati nkhungu ya pa phiri. Chingerezi ndi Chichewa ankatsatira bwino chifukwa n'zomvera, koma Masamu anatsalira kwambiri. Kalasi ya ana ambiri ikayamba kuyankha pamodzi, mawu a Madamu ankamira. Mvula itayamba, malata akamalira, tinkangodula foni chifukwa panalibe chomveka. Bandulo inkatha msanga moti tinasankha maphunziro atatu okha patsiku. Magetsi akazima usiku, pawabanki yosatchaja, tsikulo lapita. Foni yokha inapirira, kupatula kuti inkatentha ikakhala pafupi ndi windo, ndipo koimikira kaja kanathyoka mu Januwale, tinakamanga ndi mphira.

Chimene sindinachiganizire pogula zonsezi ndi munthu woinyamula. Ngakhale AV1 ya ndalama zambiri ija imadalira mwana wina kuti aichotse pa desiki n'kupita nayo panja. Kwa ife anali mnzake wa pa desiki limodzi, mtsikana wa ku Matawale. Mmawa uliwonse ankadzera kwathu kudzatenga kachikwama, masana n'kukabweza. AV1 ili ndi nyali pamutu imene imaphethira mwana akafuna kufunsa, ndipo imayaka ya buluu akafuna kungomvetsera. Yathu nyali yake inali mkono wa mnzakeyo. Mwana wanga akagogoda kawiri pa foni, iye ankakweza mkono n'kunena, "Madamu, roboti ili ndi funso." Pa buleki ankajambula za pa bolodi n'kutumiza, kenako n'kupita nayo pansi pa mtengo pamene atsikana amadyera zitumbuwa. Ndili kukhitchini ndinkamva mwana wanga akuseka kuchipinda, akufunsa kuti wapambana fulaye ndani. Sabata imene mnzakeyo anadwala malungo, foni inakhala m'kabati ya Madamu masiku anayi, palibe anaikumbukira, ndipo mwana wanga anasiya kudya bwino.

Ndimakumbukira 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ana ankamvera maphunziro pa wailesi. Nthawi ija ana onse anali kunyumba. Kudwala wekha n'kwina, anzako akupitirira, malo ako pa benchi wakhalapo wina. Malo a mwana wanga sanakhalepo munthu, panali foni yomangidwa ndi mphira, ndipo Madamu sanasiye kutchula dzina lake.

Kodi ndingalangize ena? Inde, ngati aphunzitsi avomera ndi mtima wonse, ngati pali anzake awiri kapena atatu osinthana kunyamula, osati mmodzi ngati mmene tinachitira ife, komanso ngati mwakonzeka kupeza womuthandiza Masamu padera. Kasipika gulani kabwino, pamenepo musaumire.

Anabwerera kusukulu kumapeto kwa Malichi akuyenda ndi ndodo. Mayeso a teremu anakhoza pakatikati, Masamu anagwa, ndipo pano akuphunzira madzulo kukonzekera Sitandade 8 ndi mayeso a MANEB. Roboti ili kwa ahedi. Anaipempha sabata yatha kuti ithandize mnyamata wa Sitandade 5 amene wagonekedwa kuchipatala, ndipo mwana wanga ndiye analemba pa kapepala mmene amagogodera akafuna kufunsa.