Ma lowering link pa Suzuki DR650: kutsika imatsikadi, koma ntchito sithera pamenepo

Suzuki DR650 ndi njinga yamoto yamsinkhu. Mpando wake uli pa 885 mm kuchokera pansi, ndiye munthu wamfupi akaima amangonyang'ama ndi zala zakumapazi, ndipo pamchenga kapena pamalo opendekeka njinga imamugwetsa ali chiimire. N'chifukwa chake ma lowering link amayenda malonda. Ndi tizitsulo tiwiri tafulati, ta bowo uku ndi uku, tomwe timalowa m'malo mwa ta kufakitale kunsi kwa shoko, polumikiza swingarm (mkono wogwira tayala lakumbuyo) ndi linkage (zitsulo zopindika zimene zimakankha shoko tayala likamakwera). Timakhala totalikirapo pang'ono, ndipo mamilimita ochepa apo amasanduka masentimita pampando.

Kumanga kwake sikuvuta. Ikani jeki pansi pa injini mpaka tayala lakumbuyo litangotsala pang'ono kusiya pansi, masulani mabawuti awiri, sololani akale, lowetsani atsopano. Mabowo akakana kulunjika, musamenye bawuti ndi hamala. Tukulani tayala pang'ono ndi thabwa, ilowa yokha. Poti mwatsegula kale, tsukani maberingi a linkage ndi kupaka girizi watsopano, chifukwa nthawi zambiri amapezeka ouma ndi adzimbiri. Mabawuti amangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) molingana ndi buku la njingayo. Ola limodzi ndi lokwanira.

Chomwe ogulitsa sakonda kunena n'chakuti link yaitali imasintha mmene tayala limakankhira shoko. Sipuling'i yomweyo imayamba kumveka yofewa, pamene ya DR650 ndi yofewa kale. Komanso tayala lakumbuyo limayendabe chokwera ndi chotsika pafupifupi 260 mm monga kale, koma tsopano likuyambira pafupi ndi madigadi. Mukakwera awiri ndi katundu n'kulowa m'dzenje mothamanga, mumamva kuti khwee! pansi pa mpando. Mukasuzumira mupeza mzere wakuda wa labala papulasitiki, nthawi zina ndi mawaya operepeseka. Mankhwala ake ndi kuyeza sag: njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kayendedwe ka tayala, cha m'ma 85 mm, wokwera atakhalapo ndi zovala zake zonse. Ikapitirira, limbitsani preload, kutanthauza kupanikiza sipuling'i ya shoko. Apa mpamene ambiri amakhumudwa, chifukwa kulimbitsako kumabweza ena mwa mamilimita omwe anagula.

Kutsogolo nakonso kumafuna kutsika. Mukatsitsa kumbuyo kokha, njinga imakhala ngati yakhalira matako: pakona imakhota mwaulesi, ndipo nyali imawalira m'maso mwa anzanu m'malo mwa pamsewu. Mafoloko amakwezedwa m'zomangira zake, onse awiri mofanana poyeza ndi rula, koma malo ake ndi ochepa chifukwa handulo ili pamwamba pomwepo. Tcheni muliyezenso, lilendewere 30 mpaka 45 mm.

Ndiye pali sitandi. Njinga ikatsika, sitandi ya kufakitale imatalika, njinga n'kuima chilili, moti kamphepo kapena mwana wotsamira ndi wokwanira kuigwetsera kumanja. Muyenera kugula yaifupi kapena kudula ndi kuwotcherera. Ndalama imeneyi muiwerengere limodzi ndi mtengo wa link.

Pa mitundu yake, afulati achitsulo cholimba ndiwo abwino: palibe chomasuka. Aja a mazinga osinthika amakupatsani mwayi wosankha msinkhu, koma mbali ziwirizo zikasiyana ngakhale pang'ono, linkage imapotoka ndipo maberingi amadyeka msanga. Odula pachitsulo wamba kwa owotcherera, ayi ndithu. Kachitsulo kameneka kamasenza njinga, inuyo ndi bampu iliyonse. Kakathyoka, kumbuyo kumagwera patayala njinga ili pa liwiro.

Chigamulo chathu pa DR650 n'chakuti musathamangire link. Suzuki inaikamo kale njira yake yotsitsira 40 mm, kufika pa 845 mm: bawuti yam'munsi ya shoko imasamukira ku bowo lapamwamba, chokhalira sipuling'i chimatembenuzidwa, ndipo spacer (kachitsulo kotalikitsira) ya m'kati mwa mafoloko imasinthidwa malo. Ndi ntchito yochulukirapo, yofuna makaniko wodziwa kuphwasula mafoloko, koma imachepetsanso kayendedwe ka matayala ndi 40 mm yomweyo, choncho tayala siligunda madigadi ndipo njinga imatsika mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Kusema siponji ya mpando kungachotsenso 20 mm kapena kuposerapo osakhudza shoko. Link ndi ya munthu amene wachita ziwirizi koma phazi silikufikabe, amene amayenda yekha m'misewu yosakumbika kwambiri, ndipo wavomereza kuti pansi pa injini paziyandikira miyala ndi mahampu.

Eni njinga za shoko ziwiri, monga Bajaj Boxer za kabaza, asataye ndalama: zimenezo zilibe linkage, ndiye link ilibe pomangirira.