Profometer Corrosion: chida chofufuzira dzimbiri m'zitsulo za mu konkire

Dzimbiri likamatuluka pa mzati kapena pansi pa mlatho, limakhala kuti ladya kale chitsulo mkatimo kwa zaka. Profometer Corrosion, chopangidwa ndi kampani ya Proceq ya ku Switzerland, chimakuonetsani malo amene dzimbiri layamba konkire isanang'ambike. Ntchito imeneyi chimaigwira bwino, bola woyeza akhale wosamala.

Chimayeza kusiyana kwa mphamvu ya magetsi pakati pa chitsulo cha mkati ndi elekitirodi, kachipangizo kamene mumakhudzitsa pamwamba pa konkire, kokhala ndi kopa yomizidwa m'madzi a mankhwala abuluu otchedwa copper sulphate. Mumasema konkire pang'ono mpaka chitsulo chionekere, n'kuchipala bwino kuti chiwale, n'kumangapo waya. Musanapitirire, yezani ndi multimeter, kachida koyezera magetsi, ngati zitsulo za malo awiri otalikirana zikulumikizana. Ziyenera kusonyeza pansi pa 1 ohm. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Zitsulo zikakhala zosalumikizana, manambala onse amene mutole ndi opanda pake.

Copper sulphate wa mu elekitirodi asakanizidwe ndi madzi oyeretsedwa a distilled, osati a pampopi, ndipo timiyala tabuluu titsale pansi posonyeza kuti madziwo akhuta. Kamtengo kotsekera kumapeto kwa elekitirodi kaviikidwe kaye m'madzi, apo ayi nambala imangovinavina. Konkire inyowetsedwe mphindi 10 mpaka 20 musanayeze, yachinyezi koma yosadikha madzi. M'nyengo ya dzuwa la Okutobala pamwamba pamauma msanga, choncho nyowetsani kachigawo kakang'ono kamene muyeze nthawi yomweyo.

Muyezo wa ASTM C876, umene umafotokoza kayezedwe kameneka, umati nambala ikakhala pamwamba pa -200 mV (mamilivoti), monga -100 mV, mwayi woti palibe dzimbiri ndi woposa 90 peresenti. Ikatsika kupitirira -350 mV, mwayi woti dzimbiri lilipo ndi woposa 90 peresenti. Koma musaigwire nambalayi ngati lamulo. Konkire yokhuta madzi, monga khoma la thanki, imatha kusonyeza nambala yotsika kwambiri chifukwa mpweya wa okosijeni sufikako, pamene chitsulo chili bwinobwino. Konkire imene mpweya wa carbon dioxide walowamo imachita mosiyana, imabisa dzimbiri. Vuto limeneli ndi lofala kutali ndi nyanja yamchere. Ku Beira kapena ku Nacala mdani wamkulu ndi mchere. N'chifukwa chake timayang'ana pamene nambala yagwa mwadzidzidzi poyerekeza ndi malo oyandikana nawo, ndipo mapu amitundu amene chidachi chimajambula amaonetsa zimenezi mosabisa.

Elekitirodi ya matayala anayi ndiyo yosangalatsa pa silabu yaikulu, mumangokankha n'kumapita. Ya ndodo ndi ya pa mizati ndi m'makona, ndipo ndi bwino kuyeza motalikirana masentimita 25 mpaka 50 kuti kadzimbiri ka pamalo amodzi kasakuzembeni.

Chimene sichichita ndi kukuuzani liwiro la dzimbiri kapena kuchuluka kwa chitsulo chimene chatha. Pa zitsulo zokutidwa ndi utoto wolimba wa epoxy ndi pamwamba popakidwa phula kapena penti sichithandiza. Mtengo wake ndi wolemera kwa kontirakita wamng'ono, koma kwa labotale kapena mainjiniya oyendera milatho ndi matanki n'choyenera kugula, limodzi ndi choyezera kuya kwa chitsulo ndi botolo la phenolphthalein, mankhwala opopera pa konkire yongosemedwa kumene kuti muone pamene mpweya wa carbon dioxide wafika.