Kalavani Yokoka Kapena Van Yogonamo: Zimene Mliri wa Covid-19 Unaonetsa kwa Ogula RV ku America

Pamene bungwe la World Health Organization linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 yasanduka mliri wa dziko lonse, mabanja ambiri a ku United States amene anali atakonza kale maulendo a chaka chimenecho anaona mapulani awo akufera m'mazira. Ndege zinachepa, anthu ankaopa kugona m'mahotela, ndipo ngakhale chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta munthu ankazengereza kulowamo. Pasanapite miyezi yambiri, ochuluka anazindikira kuti njira yotsala yoyendera inali kutenga bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi chawo n'kumayenda nazo pamsewu, ndipo malonda a ma RV, omwe ndi magalimoto ndi makalavani okonzedwa kuti anthu azigonamo pa ulendo, anakwera kuposa kale lonse. Malinga ndi bungwe la RV Industry Association, mafakitale anatumiza kwa ogulitsa ma RV pafupifupi 430,000 mu 2020, ngakhale kuti anali atatsekedwa kwa masabata angapo kumayambiriro kwa mliri, ndipo mu 2021 chiwerengerocho chinafika pa 600,000. Ambiri mwa ma RV amenewa amapangidwa ku Elkhart ndi madera ozungulira m'chigawo cha Indiana, pafupi ndi South Bend kumene kukukhala Amalawi ambiri ndithu, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa ena mwa inu.

Funso limene ogula ankalimbana nalo nthawi imeneyo, ndipo lidakalipo kwa amene akufuna kugula lero, linali losankha pakati pa kalavani yokokedwa ndi galimoto ina, ndi van imene ili ndi injini yake ndipo inakonzedwa kuti anthu azigonamo, imene pamsika imatchedwa Class B. Mitundu ina ilipo. Class A ndi yaikulu ngati basi, imamwa mafuta kwambiri ndipo malo ambiri a m'mapaki a boma sailandira chifukwa cha kutalika kwake, kotero kwa munthu amene akuyamba kumene sindiiwerengera n'komwe. Class C, ija yokhala ndi bedi pamwamba pa dalaivala, ili pakati ndipo ndiitchulanso pankhani yobwereka. Koma mpikisano weniweni wa banja la ndalama zapakatikati unali pakati pa ziwiri zoyambazo.

Chinthu choyamba chimene mliri unayesa ndi mmene chilichonse mwa ziwirizi chimapiririra mapulani akasintha mwadzidzidzi. Malire a United States ndi Canada anatsekedwa kwa oyenda maulendo osafunikira kwenikweni pa 21 Malichi 2020, ndipo Canada inayamba kulandiranso anthu a ku America olandira katemera pa 9 Ogasiti 2021, pamene United States inatsegula malire ake apamtunda pa 8 Novembala chaka chomwecho. Aliyense amene anakonza zopita kukaona Alaska kudzera mumsewu wa Alaska Highway, umene umayambira ku Dawson Creek m'chigawo cha British Columbia ku Canada, anayenera kuusiya ulendowo n'kufunafuna kwina kopita. Paki ya Yellowstone inatsekedwa pa 24 Malichi 2020 n'kuyamba kutsegulidwa pang'onopang'ono m'mwezi wa Meyi, ndipo Yosemite itatsegulidwanso m'mwezi wa Juni inayamba kufuna kuti alendo asungitsiretu malo asanafike pachipata. Mapaki atatsegulidwa anthu anakhamukirako, moti mu 2021 Yellowstone inalandira alendo oposa 4.8 miliyoni, ndipo malo ogonapo osungitsa kudzera pa webusaiti ya boma ya Recreation.gov ankatha patangopita mphindi zochepa atatsegulidwa.

Pamenepa van inapambana moonekeratu. Kutalika kwake nthawi zambiri kumakhala pakati pa mafiti 17 ndi 24, choncho imakwana pamalo aang'ono amene makalavani aatali amawasiya, imatembenuka m'misewu yopapatiza ya m'nkhalango, ndipo imatha kuima pamalo oimikapo magalimoto wamba m'tauni. Munthu akapeza kuti kumene amapita kwatsekedwa, amangotembenuka n'kulowera kwina popanda kulumikiza kapena kumasula chilichonse. M'zigawo za kumadzulo monga Utah, Arizona ndi Nevada, kumene kuli malo aakulu oyang'aniridwa ndi bungwe la boma la Bureau of Land Management, munthu amaloledwa kugona kwaulere m'madera ambiri kwa masiku okwana 14 pamalo amodzi, ndipo van imafika mosavuta kumalo otere. Wokoka kalavani amafikanso, koma ayenera kuyamba wayendera msewuwo kuti aone ngati kutsogolo kuli potembenukira, chifukwa kubwerera chammbuyo ndi kalavani mumsewu wamiyala kumafuna luso limene wogula watsopano amakhala asanalipeze.

Komabe ulendo si kuyendetsa kokha, ndipo pankhani yokhalamo zinthu zimatembenuka. Cholinga chachikulu chogulira RV m'nthawi ya mliri chinali kupewa mabafa ndi zimbudzi zogwiritsa ntchito anthu ambiri, zimene m'malo ena zinali zokhoma ngakhale malo ogonapo anali otsegula. Van ili ndi matanki aang'ono, ndipo zambiri zili ndi chimbudzi cha kathanki kochotseka kamene kamadzadza m'masiku ochepa, komanso bafa limene wosamba amanyowetsa chimbudzi chonse chifukwa zonse zili m'kachipinda kamodzi. Anthu awiri ogwirizana amapirira zimenezi, koma banja la ana atatu silingathe. Kalavani ya mafiti 22 kapena 25 imakhala ndi thanki yokulirapo ya madzi abwino, ina ya madzi osambira ndi otsukira, ndi ina ya zonyansa za m'chimbudzi, ndipo banja limatha kukhala masiku angapo lisanafunefune malo okhuthulira. Ana amakhala ndi mabedi awo, mayi kapena bambo wogwira ntchito pa intaneti amakhala ndi tebulo losafunika kulipinda usiku uliwonse, ndipo wina akayamba kutsokomola pamakhala danga loti agone payekha, chinthu chimene m'van n'chosatheka.

Palinso ubwino wina wa kalavani umene ogulitsa satchula kawirikawiri, ndipo ine ndimauona kukhala waukulu kuposa ena onse. Mukafika pamalo ogonapo mumaimasula, ndipo galimoto yanu imatsala yomasuka kupita kusitolo, kuchipatala kapena kokaona malo, pamene nyumba yanu ili chikhalire ndi magetsi ndi madzi zolumikizidwa. Mwini van akafuna kukagula buledi ayenera kulongedza mbale, kuchotsa nthambo ya magetsi ndi paipi ya madzi, n'kunyamuka ndi onse amene ali m'katimo. Injini ikavuta, nyumba yonse imapita kugalaja. Mu 2021, pamene zipangizo za magalimoto zinkachedwa kufika, zimenezi zinkatanthauza kukagona kuhotela kumene munthuyo ankathawa poyamba.

Pankhani ya mtengo kusiyana n'kwakukulu kwambiri. Kalavani yatsopano yaing'ono kapena yapakatikati inkagulidwa ndi madola pakati pa 20,000 ndi 40,000, pamene van yatsopano yomangidwa pa Mercedes Sprinter, Ram ProMaster kapena Ford Transit nthawi zambiri inkapitirira madola 100,000. Kusowa kwa tizipangizo ta kompyuta ta m'magalimoto, kumene kunavutitsa mafakitale onse a magalimoto mu 2021, kunachititsa kuti ma van osamangidwa asowe, ndipo makampani opereka katundu m'makomo ankalimbiranso magalimoto omwewo chifukwa anthu ankagula zinthu zambiri pa intaneti. Oitanitsa van ankadikira miyezi yambiri, ena mpaka chaka, ndipo ogulitsa sankaona chifukwa chotsitsira mtengo. Koma mtengo wotsika wa kalavani umakhala woona pokhapokha ngati muli kale ndi galimoto yoti iikoke. Mukafunika kugulanso pikapu, monga Ford F-150 kapena Ram 1500, pa nthawi imene mapikapu nawonso anali atakwera mtengo, ndalama zonse pamodzi zimayandikira mtengo wa van.

Apa ndikufuna ndiime pang'ono, abale anga, chifukwa nkhani ya kulemera ndi imene imaika miyoyo pangozi, ndipo ogula ambiri a nthawi ya mliri anaidumpha chifukwa cha changu. Opanga mapikapu amalengeza kulemera kumene galimoto ingakoke, ndipo nambala imeneyo imakhala yaikulu ndi yosangalatsa. Nambala imene imatha msanga ndi ina, ya katundu amene galimotoyo ingasenze pamsana pake, imene imalembedwa pa kachikwangwani komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Kalavani imatsamira pachokokera cha galimoto ndi gawo la kulemera kwake, pakati pa 10 ndi 15 peresenti. Tiyerekeze kuti kalavani yanu itadzadza ikulemera mapaundi 7,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 3,200: pachokokera padzatsamira mapaundi pakati pa 700 ndi 1,050. Ngati kachikwangwani kaja kakunena kuti galimoto isenze mapaundi 1,500, ndiye kuti anthu onse okwera, zikwama, njinga za ana ndi chitsulo chokokeracho ziyenera kukwana m'mapaundi otsalawo, amene mwina safika n'komwe pa 600. Galimoto yolemedwa kumbuyo imapepuka kutsogolo, chiwongolero sichigwira bwino, ndipo lole ikadutsa pafupi kalavani imayamba kugwedezeka. Makalavani aakulu otchedwa fifth wheel, amene amalumikizidwa pakati pa bodi ya pikapu, amayenda mokhazikika kuposa enawa, koma amatsamira ndi gawo lalikulu kwambiri la kulemera kwawo ndipo ambiri amafuna pikapu yamphamvu ngati Ford F-250 kapena F-350. Wogula van alibe masamu onsewa, ngakhale kuti nayenso ali ndi malire a katundu amene sayenera kuwapitirira.

Kusankha mtundu kukatha, pamatsala funso logula yatsopano, yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena kubwereka. M'maganizo mwanga yatsopano ndi imene inakhumudwitsa anthu ambiri m'zaka ziwirizo. Mafakitale ankapanga mothamanga kuti akwaniritse maoda, zipangizo monga mafiriji, mawindo ndi makina oziziritsa mpweya zinkasowa, ndipo madandaulo a madenga odontha, mapaipi osamangika bwino ndi nthambo zomasuka anali ponseponse pakati pa eni ake. Chitsimikizo cha wopanga choti adzakonza kwaulere zolakwika za kufakitale nthawi zambiri chimakhala cha chaka chimodzi, koma magalaja a ogulitsa anali odzadza moti kalavani inkatha kukhala kumeneko masabata ambiri, chitsimikizocho chikutha komanso nyengo yotentha ikudutsa. Yogwiritsidwapo kale ntchito inali ndi ubwino woti mwini woyamba anakonza kale zolakwika za kufakitale, koma mu 2021 mtengo wake unayandikira wa yatsopano. Pogula yotere, mdani wamkulu ndi madzi: yang'anani denga, makona a m'makabati ndi pansi pa mawindo, ndipo pondani pansi paliponse kuti mumve ngati pali pofewa. Onaninso manambala anayi omaliza a chizindikiro choyamba ndi zilembo za DOT cholembedwa m'mbali mwa tayala, amene amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, chifukwa matayala a kalavani amakalamba asanathe mapanga. Kulipira katswiri wodziimira payekha kuti aiyendere musanasaine n'koyenera, kaya ndi yatsopano kapena yakale.

Kubwereka kunali njira imene ambiri anainyoza poganiza kuti ndi kutaya ndalama, koma ndi imene inateteza matumba a amene anaisankha. Kampani ya Cruise America imabwereketsa makamaka ma Class C, pamene mawebusaiti a Outdoorsy ndi RVshare amalumikiza wobwereka ndi eni ma RV a mitundu yonse, moti munthu angathe kuyesa kalavani sabata ino ndi van mwezi wamawa asanamange ngongole. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo msika wa RV unatsimikizira zimenezi. Petulo, amene mu Epulo 2020 anatsika mpaka pansi pa madola awiri pa galoni, anapitirira madola asanu mu Juni 2022. Chiwongoladzanja chinayamba kukwera m'chaka chomwecho, ndege ndi mahotela zinayambanso kuyenda bwino, ndipo mu 2023 mafakitale anatumiza ma RV pafupifupi 313,000 okha, pafupifupi theka la chiwerengero cha 2021. Ngongole za RV zimatha kukhala za zaka 15 kapena 20, choncho amene anagula mtengo uli pamwamba n'kupereka ndalama zochepa poyambira anapezeka kuti ngongole yawo ikuposa mtengo umene angagulitsire katunduyo.

Ndikaika zonsezi pamodzi, banja la ana limene lili kale ndi pikapu kapena galimoto ina yamphamvu ndingalilangize kalavani yosapitirira mafiti 25 yokhala ndi bafa ndi chimbudzi chake, yosankhidwa motsatira kachikwangwani ka pachitseko osati mawu a wogulitsa. Kutalika kumeneko kumakwanabe m'malo ambiri a m'mapaki a boma, ndipo kalavani ilibe injini yoti iwonongeke ikakhala miyezi ya chisanu osayenda, bola muchotse madzi onse m'mapaipi kuzizira kusanayambe kuti asaphulike. Van imayenera anthu awiri kapena munthu mmodzi amene amakonda kusuntha tsiku ndi tsiku ndipo angathe kuigwiritsanso ntchito ngati galimoto yachiwiri ya pakhomo, chifukwa ndi njira yokhayo imene mtengo wake waukuluwo umamvekera. Okhala m'nyumba za lendi kapena m'madera amene malamulo a eni nyumba amaletsa kuimika kalavani pakhomo ayenera kufunsa mtengo wa malo osungirako asanapite kwa wogulitsa, popeza ndalama imeneyo imalipiridwa mwezi uliwonse, ngakhale m'miyezi imene ku Indiana kuli chipale chofewa ndipo palibe amene akupita kulikonse.