Kabudula wa njinga wa pa kaunjika: ngwabwino, bola avalidwe mkati

Pa milu ya kaunjika mu msika waukulu wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa, pakati pa mataiti ndi zovala zosambira, mumapezeka kabudula wakuda wothina, wokhala ndi kasiponji kosokedwa pakati pa miyendo. Ameneyo ndi kabudula wa anthu opalasa njinga maulendo ataliatali. Ambiri amamutola, kumutembenuza uku ndi uku, kenako n'kumubwezera pamulu poganiza za maso a anthu a pa Katoto.

Manyaziwo ngomveka. Mzuzu ndi mzinda wa njinga, koma njinga zake n'za Sacramento, zonyamula anthu pa malipiro, ndipo anyamata a Sacramento amapalasa tsiku lonse atavala buluku ndi jekete wamba. Wovala zomata thupi amaoneka ngati mlendo wongodutsa. Kwa amayi nkhaniyi imalemera kwambiri. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo ngakhale linathetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mu Januwale 2012 panali mavenda amene ankavula akazi ovala mabuluku m'mizinda ya dziko lino. Mayi amene amakayika kuvala zothina pamsewu ali ndi chifukwa chake.

Maganizo athu ndi akuti kabudulayu mugule, koma mumutenge ngati chovala chamkati. Ntchito yake yonse ili pa khungu. Akabisika pansi pa kabudula wamba, buluku kapena siketi, sataya kalikonse mwa ubwino wake.

Chimene chimapweteka pa ulendo wautali si kulimba kwa chishalo kokha ayi. Thukuta limanyowetsa nsalu, msoko wa buluku uli pakatikati pomwe pali kulemera kwa thupi, ndipo mwendo uliwonse ukatsika nsaluyo imakhula khungu. Pakatha ola limodzi pamayamba kutentha, kenako kusupuka, mwinanso zithupsa. Kasiponji kaja kamayamwa thukuta ndipo kalibe msoko pomwe mwakhalira. Kuthina kwa nsalu n'kofunika kuti kasiponjiko kasasunthe. N'chifukwa chake kabudulayu savalira panti mkati. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: akavala panti amabwezeretsa msoko ndi nsalu ya thonje yosunga thukuta, kenako n'kumati kabudulayo ngwachabe.

Posankha pamulu musathamangire dzina la kampani. Lowetsani manja onse awiri kumbuyo kwake, mutambasule nsalu mutayang'anitsa kudzuwa. Ngati zala zikuonekera, kapena mukuona tiulusi toyera tothothoka, lasitiki wake anatha kale ndipo adzayamba kulendewera musanamuchape kangapo. Tsinani kasiponji ndi zala ziwiri. Kabwino kamabwerera msanga. Kamene kakhala kophwatalala ngati chigamba kanatha ntchito. Kokhuthala kwambiri nakonso sikabwino, kamapindika n'kumatsina. Yang'anani misoko yozungulira kasiponjiko, chifukwa ikamasuka kona imodzi, telala wa pakhonde amasoka ndi ulusi wosatambasuka umene umaduka mukangokwera. Kumapeto kwa miyendo kumakhala kamphira kogwira ntchafu. Ngati kauma n'kusweka, mwendo wa kabudula uzikwera m'mwamba.

Pali za amuna ndi za akazi. Kasiponji ka akazi n'kotakata kumbuyo, kofupikirako kutsogolo. Palinso mtundu wokhala ndi malamba okoleka m'mapewa. Umenewu sufinya pamimba ndipo ngwabwino kupalasira, koma ngwovuta mukafuna kudzithandiza panjira, makamaka kwa amayi, chifukwa malaya ayenera kuvulidwa kaye. Oyamba kumene atenge wopanda malamba. Za saizi musakhulupirire chilembo cha m'chiuno mwake. Kabudula woyenera amagwira thupi lonse popanda makwinya, koma osasiya mzere wakuya pantchafu.

Mtengo umatsika belo likakhalitsa, komabe zabwino zimatha tsiku lotsegula lomwelo.

Chovala pamwamba chikhale chopepuka, chopanda msoko wokhuthala. Kabudula wa mpira kapena buluku la masewera zimachita bwino. Jinzi ndiye ayi, ikanyowa imalemera ndipo siuma msanga. Buluku lililonse lotakata kumapazi limakodwa mu tcheni, kumwendo wakumanja. Lowetsani mwendowo mu sokosi, kapena dulani kamphira pa chubu chakale mumange pa kakolo. Amayi a siketi atenge yofika pansi pa mawondo pang'ono, yosathina. Kuti mphepo isaikweze, gwirani nsalu yakutsogolo ndi yakumbuyo pamodzi pakati pa miyendo, ikani ndalama yachitsulo, mukulunge ndi kamphira: siketi yasanduka ngati kabudula wotakata, ndipo mukatsika mungomasula. Chitenje chisungeni m'chikwama, mudzamange mukafika. Chikalendewera chimalowa m'masipoko a tayala lakumbuyo, ndipo zimenezo zimagwetsa.

Kumtunda kwa thupi simukufunika malaya owala a mpikisano aja. Mzuzu ali pamwamba, mamita opitirira 1,200, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, mawawa ali apo. Valani zopyapyala ziwiri ndi kajekete kotchinga mphepo, kokhala ndi zipi yoti mutsegule pa chikweza. Juzi imodzi yokhuthala imanyowa ndi thukuta pokwera, kenako imakuziziritsani pa mtsetse. Opita ku Nkhata Bay adziwe kuti amanyamuka kukuzizira n'kukafika kunyanja kukutentha, choncho pakhale posunga chovulacho. Kajekete kakhale ka mtundu wowala kuti oyendetsa galimoto pa M1 akuoneni kukakhala nkhungu.

Poti n'chovala chokhudza khungu chimene wina anavalapo, chapani ndi sopo kawiri musanavale, mutatembenuza kasiponji kunja, muyanike mpaka kaumiretu. Pambuyo pake chapani mukangobwera ulendo uliwonse. Madzi otentha, mankhwala oyeretsa nsalu ndi simbi zimapha lasitiki. Apa pali vuto lenileni la kabudulayu kuno: nyengo ya mvula kasiponji kamachedwa kuuma, ndipo kuvala konyowa n'kuitana zidzolo. Wopalasa masiku otsatizana afunika awiri.

Sikuti aliyense akufunika kabudulayu. Wochoka ku Chibavi kupita m'tauni pa njinga ya chishalo chotakata cha masipuling'i asunge ndalama zake, amange mwendo wa buluku basi. Phindu lake limaoneka pa chishalo chopyapyala komanso ulendo wopitirira ola, monga wopita ku Ekwendeni ndi kubwerako. Ndipo ngati chishalo chili pamwamba kwambiri moti chiuno chikugwedezeka uku ndi uku popalasa, kapena mphuno yake yaloza kumwamba, kasiponji sikathandiza. Yambani mwatenga sipanala, mutsitse chishalo mpaka bondo lizipindika pang'ono pedulo ikafika pansi.