Nsanja yophunzitsira galu kukhala: imagwira ntchito, koma musachedwe kuichotsa

Nyenyezi 4 mwa 5

Nsanjayi ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa miyezi isanu ndi galu wanga Mphezi, Labrador wa zaka ziwiri. Ndinadikira dala ndisanalembe, kuti ndinene zimene ndaona ndi maso, osati chisangalalo cha tsiku lomwe katundu wafika.

Mphezi mawu akuti "khala" ankawadziwa kalekale. Vuto linali kakhalidwe kake. Akakhala, thako linkapendekera kumanja, mwendo umodzi wakumbuyo uli tambalale, ndipo ndikangotembenuka kuti ndichoke, miyendo yakutsogolo inkayamba kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka mimba itafika pansi. Pakhomo palibe angadandaule nazo zimenezo, koma m'bwalo la mpikisano wa kumvera ndi nkhani ina. Pa malamulo a American Kennel Club, bungwe loona za agalu ku America, m'kalasi ya oyamba kumene yotchedwa Novice galu amayenera kukhala phee kwa mphindi imodzi pamzere umodzi ndi agalu ena. Kuti akhoze pamafunika mapointi 170 mwa 200, komanso oposa theka pa gawo lililonse. Ndiye akagona nthawi isanakwane, tsiku lonselo lapita pachabe ngakhale zina zonse atazichita bwino.

Ndisanagule kalikonse ndinapita naye kaye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa galu wokhala chopendekera nthawi zina amakhala akumva ululu m'chiuno kapena m'bondo. Anamuyeza n'kupeza kuti ali bwinobwino. Chonde anzanga, yambirani pamenepo. Ngati galu akumva kupweteka, palibe chipangizo chimene chingamuwongole.

Nsanjayo ndi kabokosi kathyathyathya ka pulasitiki yolimba, kotalika pafupifupi masentimita 8 kuchoka pansi, ndipo pamwamba anamatapo labala wokhakhala kuti zikhadabo zisamaterereke. Ubwino wake wonse uli pa kuchepa kwake. Pamangokwana miyendo inayi ya galu amene wakhala mowongoka. Akati apendekere, thako limagwera kunja. Akati atsetsereke, phazi lakutsogolo limapeza kuti kulibe poponda. Galuyo amadzimvera yekha kuti walakwitsa, inu osamukhudza. Pa miyezi yonseyi sindinamukankhepo kapena kumukoka ndi chingwe kuti awongoke.

Chimene chinandikondweretsa koposa ndi momwe inasinthira njira yake yokhalira. Agalu ena akamakhala amabwerera chafutambuyo. Ena amaponda pomwepo ndi miyendo yakutsogolo n'kukokera yakumbuyo pafupi. Pampikisano njira yabwino ndi yachiwiriyi, poti galu amatsala pomwe ayenera kukhala, kaya pambali pa mwendo wanu wamanzere kaya patsogolo panu penipeni. Mphezi anali wobwerera m'mbuyo, ndipo ndinalimbana naye pafupifupi chaka osaphula kanthu. Pansanja kumbuyo kulibe malo. Pasanathe milungu iwiri anali atayamba yekha kukokera miyendo yakumbuyo, msana uli chilili.

Ndinkachita motere. Akakhala bwino ndinkaliza clicker, kachipangizo kolira kuti "klik" komudziwitsa galu kuti wachita bwino, n'kumupatsa kachakudya kakang'ono ali chikhalire, dzanja langa lili m'mwamba pang'ono kuti mutu udzuke. Mukamamupatsira m'munsi pafupi ndi chifuwa, ndiye kuti mukumuitanira nokha kugona. Maphunziro anali afupiafupi, mphindi zitatu kapena zisanu, kawiri pa tsiku. Zinthu zitatu zimene zimavuta galu, kutalika kwa nthawi, kutalikirana ndi mwini wake, ndi zomusokoneza, ndinkaziwonjezera chimodzichimodzi. Tsiku limene ndikuyesa kupita patali, nthawi ndinkaifupikitsa. Ndipo nthawiyo sindinkangoikweza mosalekeza ayi: masekondi 5, kenako 12, kenako 3, kenako 20, kuti asamawerengere yekha kuti tsopano zatha. Chomudzutsa chinali mawu amodzi okha akuti "basi". Ngakhale ndimuyamike bwanji, ngakhale ndibwerere pambali pake, asanamve mawu amenewo sadzuka.

Tsopano pamene ndinagwa. Kapepala ka malangizo kamene kanabwera m'katoni kamafotokoza bwino momwe mungamukwezere galu pansanja, koma sikanena chilichonse za momwe mungamusiyitsire kuidalira. Ine ndinakondwa kwambiri ndi zotsatira moti kwa miyezi itatu sindinamukhazikepo pansi penipeni. Tsiku lina tinapita kukayeserera ndi anzathu pabwalo la kapinga, nsanja ndinaisiya kunyumba. Ndinati "khala", anakhala. Nditayenda masitepe asanu n'kucheuka, ndinamupeza wapendekera ngati kale, ndipo posakhalitsa anagona. Zinandiwawa mumtima, chifukwa kulakwa sikunali kwake. M'mutu mwake, kukhala mowongoka kunali kwa pansanja basi, ndipo ndine ndinamuphunzitsa choncho. M'bwalo la mpikisano salola nsanja, salolanso chakudya.

Zinanditengera milungu isanu ndi umodzi kukonza. Ndinachoka pansanja kupita pa thabwa lopyapyala la kukula komweko, kenako kansalu kokhuthala, kenako kansalu komweko nditakapinda pakati, mpaka pansi popanda kanthu. Nthawi iliyonse ndikachepetsa chomuthandizira ndinkabwereranso ku masekondi ochepa, ndili pafupi naye. Ndikanadziwa, bwenzi nditayamba kusinthasintha kuyambira mlungu wachitatu: katatu pansanja, kamodzi pansi, m'malo osiyanasiyana. Nyenyezi imodzi ndaichotsa makamaka pa chifukwa chimenechi. Mizere iwiri yokha pa kapepala kaja ikanapulumutsa anthu ambiri.

Pali zina zing'onozing'ono. Labala wapamwamba anayamba kumatuka pakona m'mwezi wachitatu, ndinachita kumata ndekha ndi guluu. Pa simenti yosalala nsanjayi imasuntha galu akailumphira ndi mphamvu, ndipo galu wamantha akhoza kuida kuyambira tsiku limenelo, choncho yalani kanthu pansi pake. Ndinawalembera ogulitsa za labalayo, anandiyankha patatha milungu iwiri popanda thandizo lenileni. Koma pulasitiki yake ndi yolimba ndithu, imatsukika mosavuta, ndipo ndi yopepuka kunyamula.

Musanagule, mukhazikeni galu wanu mowongoka ndipo muyeze kuchokera ku zala zakutsogolo kufika kumatako, komanso m'lifupi mwa chiuno. Mukagwera pakati pa masaizi awiri, tengani yaing'onoyo. Yaikulu imamupatsa mpata wopendekera ali pamwamba pomwepo.

Mlungu watha tinayesereranso pakapinga paja, agalu asanu ndi mmodzi pamzere, popanda nsanja. Pa sekondi ya 40 galu woyandikana naye anagona n'kuyamba kununkhiza udzu. Mphezi anamuyang'ana, kenako anayang'ana ine, mapazi ake osasuntha mpaka nditanena kuti "basi". Nsanjayo ndimaitulutsabe kamodzi pa mlungu, ndikaona kuti thako layambanso kupendekera.