Ma TV ndi abwino, koma za kabokosi kaja munandinamiza

Ndadikira miyezi ingapo kuti mtima ukhale pansi, chifukwa ndikanalemba usiku wa pa 19 Meyi 2024 pakanatuluka mawu oti ana asawerenge. Ndikunena za shopu ija ya zamagetsi ku Limbe, ya bambo wokonda kuitana aliyense kuti "bwana wanga", kumene ndinagula ma TV awiri a mainchesi 32, inveta, ndi kabokosi kotchedwa splitter. Mitengo yake simufunanso kuuzidwa, mukudziwa mmene zinthu zinakwerera kwacha itagwa mu Novembala 2023.

Ine ndimakhala ku Nchalo ndipo za ku vidiyo sho zinandikwana. Kachipinda ka malata, thukuta la anthu osawerengeka, ndiye walipira kuti uonere Arsenal koma anyamata a Manchester United akachuluka mwini wake amangosintha chanelo, iwe n'kukhala ngati mlendo pamaliro a eni. Ndinkafuna kuti pabalaza panga pazioneka magemu awiri nthawi imodzi, basi. Za sola ndinali nditakonza kale. Amene munali kuno mu Januwale 2022 mukukumbukira kuti namondwe Ana ataononga ku Kapichira, ambirife chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco tinangochimva pawailesi ya mabatire. Chichokereni pamenepo panelo ndi batire ya 100Ah sizisowa pakhomo pano.

Mwini shopuyo ndinamufunsa katatu konse. "Akulu, dekoda ndili nayo imodzi yokha. Kodi TV iyi ingaonetse gemu ina, iyo gemu inanso?" Iye osaphethira n'komwe: "Bwana wanga, ntchito ya kabokosi aka ndi imeneyo. Ngakhale anayi mutafuna." Ndinalipira, n'kukwera minibasi makatoni ali pamiyendo, kondakitala atandidula ndalama ya mpando wina. M'makhotakhota monse mpaka pa Thabwa ndinkangowakumbatira ngati khanda.

Nditalumikiza kunyumba, ma TV onse awiri ankaonetsa chinthu chimodzi. Ndikasintha chanelo, onse asintha. Ndinaimba foni. "Ndi masetingi chabe amenewo, mnyamata wanga abwera Lachisanu adzakutcherereni." Lachisanu linadutsa. Loweruka ndinauzidwa kuti ali m'njira. Njira yake ya kuti, ya ku Marka?

Lamulungu, pa 19 Meyi paja, ndilo linali tsiku lotseka ligi ya ku England, pamene magemu onse khumi amayamba nthawi imodzi, kuno 5 koloko madzulo. Manchester City inkasewera ndi West Ham, ife a Arsenal tinkalandira Everton, ndipo chikho chikanabwera kwathu City ikanangopunthwa. Tsiku ngati limenelo ndi limene ndinagulira zonsezi. Ndinali nditaitana anthu. Alamu anga anachoka ku Ngabu panjinga yamoto, aphunzitsi a pafupi nafe anabwera ndi mipando yawo, mayi a kunyumba anaphika thobwa ndowa yathunthu, nyama yambuzi ili pambaula. Mnyamata uja anatulukira 4 koloko itadutsa, fumbi lili mbuu, kachikwama ka zida kali kumsana.

Anagwada kuseri kwa ma TV, n'kukatembenuza kabokosi kaja kawiri, kenako n'kundiyang'ana.

"Madala, anakuuzani ndani kuti aka kamasiyanitsa machanelo?"

"Abwana ako."

Anakanda m'mutu, n'kulankhula motsitsa kuti alendo asamve. Akuti dekoda imodzi imatulutsa chanelo chimodzi, ndipo splitter imangotenga chithunzi chomwecho n'kuchigawira ma TV angapo. "Zili ngati mpopi umodzi ndi ndowa ziwiri, madala. Madzi ake ndi omwewo." Palibe masetingi alionse amene akanasintha zimenezo. Koma alamu anga makutu awo ndi a kalulu. Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Alamu, ndiye kuti mwakwera mapiri onse aja kukagula galasi loonera nkhope?" Nyumba yonse inafa nalo phwete. Ndinatuluka panja kukaimbira mwini shopu, foni yozimitsa. Anadzayankha Lolemba, n'kunena kuti ineyo ndinamva molakwika. Munthu ndinafunsa katatu, ndimve molakwika katatu konse? Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa ndalamayo.

Pamene ndinkabwerera m'nyumba ndinapeza mnyamata uja wayamba kale kuchita zake. Anapempha aphunzitsi kuti akatenge laputopu yawo, anazula chingwe cha HDMI ku kabokosi kaja n'kuchilowetsa ku laputopuyo, intaneti n'kutenga pafoni yanga. Ndinagula bandulo mothamanga. Arsenal inakhala kudekoda, City kulaputopu. Pamene chithunzi chinkabwera, Phil Foden wa City anali atagoletsa kale, mphindi ziwiri zisanakwane. Bola tikanangokhala osaona.

Vuto la gemu ya paintaneti ndi kuchedwa. Ku vidiyo sho ya tsidya la msewu ankaonetsa City padishi, ndiye Mohammed Kudus wa West Ham atagoletsa chigoli chija chodzigwetsa chagada, ife tinamva chiphokoso kumeneko pamene pa TV yathu mpira unali usanafike n'komwe kugolo. Tinakhala chete kudikira chinthu chimene tikuchidziwa kale. Cha Rodri wa City nachonso tinachimvera kwa anansi. Pofika nthawi imene Kai Havertz ankagoletsa kumapeto kuti tipambane 2-1, palibe anadzuka pampando. City inathera pa mapointi 91, ife 89. Alamu anadya nyama yanga n'kumapita akuimba.

Pa za mnyamatayo ndilibe chonena choipa. Minibasi zinamuthera, anagona kwathu, m'mawa anakana ndalama ina iliyonse kupatula ya thiransipoti. Patatha masabata awiri anabweranso mwa yekha, tsiku lake lopuma, ndi LNB ya mabowo awiri. Ndi kachipangizo kaja kamakhala kutsogolo kwa dishi. Anakwera padenga dzuwa lili paliwombo, anakoka chingwe chachiwiri, ine n'kugula dekoda ina. Apa ndiye zinatheka, TV iliyonse gemu yake, popanda kuchedwa. Zolipira pamwezi zinakwera ndithu, ndipo zimenezi ndi zimene mwini shopu akanandiuza tsiku loyamba kuti ndiwerengere bwino thumba langa.

Ma TV enieniwo sindingawanyoze. Adutsa mu Okutobala wa kuno, kutentha kopitirira madigiri 40, osazima ngakhale kamodzi. Chithunzi n'choyera. Mawu ndiwo ochepa, anthu akachuluka wolengeza samveka. Chimene palibe anandichenjeza n'chakuti ma TV a mtundu umodzi amamvera rimoti imodzi. Ukati utsitse mawu a kumanzere, a kumanja nawo atsika, ukazimitsa imodzi zonse zazima. Mwana wanga wa Sitandade 7 ndiye anapeza nzeru yomata kapepala pa kadiso kolandirira rimoti ka TV imodzi. Madekoda ndi amene amatentha ngati mbaula, moti ndinawakhazika pa zitsekerero za mabotolo kuti mphepo izipita pansi.

Inveta ndi yapakatikati. Ma TV awiri ndi madekoda awiri batire imawakoka pafupifupi maola anayi ngati yadzaza bwino masana. Mukayatsanso fani, iwalani. Magemu a Champions League oyamba 10 koloko usiku, magetsi akakhala kuti azima kuyambira madzulo, imayamba kulira tswii tswii chigawo chachiwiri chili mkati, ndiye timazimitsa TV imodzi ndi fani n'kumadzikupiza ndi makatoni omwe aja.

Kabokosi kaja sindinakataye, ndipo zikundichititsa manyazi kuvomera kuti kanapeza ntchito. Ndinatola sikirini yakale ya kompyuta pamtengo wozizira, n'kuiika pakhonde ndi chingwe chachitali. Tsiku la Maule ndi Manoma, gemu ikamaonetsedwa pakanema, ana ndi anansi amaonera panja mphepo ikuwomba, akuluakulu tili m'nyumba. Pa ntchito imeneyo kamagwira bwino zedi, kungoti si imene ndinakagulira.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu: ziwiri za ma TV, imodzi ya mnyamata uja. Mwini shopu alibepo yake. Ngati mukupita kumeneko kuchokera kuno ku Chigwa, muuzeni alumikize zonse pa shopu pomwepo muone ndi maso anu magemu awiri osiyana musanatulutse ndalama. Risiti ya splitter ija ndikadali nayo m'Baibulo la mayi a kunyumba, ndipo mwezi wamawa ndili ndi ulendo wa ku Limbe.